Sabu (sipika ya bezi) ya kaunjika ya $300 kapena yatsopano ya mtauni, ndigule iti?

Bambo a Tada: Moni nonse a pagulu. Ndigawireni nzeru apa ndisanataye ndalama. Pabalaza paja tamaliza matailosi ndi siling'i nde ndasamutsirapo TV, ampu yanga ija ya Denon ndi masipika asanu aja, koma bezi kulibiretu amwene, filimu ikafika pophulitsana mabomba zikungomveka ngati mwana akumenya chitini. Chipindacho ndi mamita 7 mulitali, 5 mulifupi, siling'i 2.7, komanso mbali imodzi ndi yotseguka kulowa ku dayiningi kulibe chitseko. Pali mkulu wina ku Hatfield muno mu Harare akugulitsa sabu ya Klipsch R-12SW yogwirapo kale ntchito akuti $300, pomwe mtauni ndaona ina yatsopano ili mu katoni, 10 inchi, yolembedwa 3000W pa $120 basi. Mthumba muli 350 yokha. Ndigule iti, kapena zonsezi ndi zongotaya dola?

Chimwene wa ku DZ: Big apa palibenso zofunsa, 3000W pa 120 tengani yatsopanoyo, chenji mugulire ana zakudya kkkk. Za kaunjika zamagetsi ine ayi

Wamawaya: Achimwene a ku DZ musawasocheretse akuluakulu. Yang'anani bwino pakatonipo, pambali pa 3000W pali timalemba tating'ono takuti PMPO, imeneyo ndi nambala yogulitsira malonda basi, palibe muyezo umodzi womwe makampani onse amatsatira, aliyense amangolembapo yomwe yamusangalatsa. Nambala yoti mufunse ndi RMS, mphamvu yomwe imatha kutulutsa mosalekeza. Ndipo njira yachidule ndi iyi, tembenuzani sabuyo muone kumbuyo pomwe pamalowa waya wa magetsi, pamalembedwa kuti imakoka mawati angati kukhoma. Ikakhala kuti ikukoka 60W kapena 80W, 3000 yo izitenga kuti? Klipsch mukunenayo ndi 200W RMS, 400W ikakankha kwakanthawi, ndipo pa pepala lake imatsika mpaka 29Hz, nambala ya Hz ikachepa nde kuti bezi ndi yakuya kwambiri.

Chimwene wa ku DZ: Koma mu shopu imalira heavy ndinaimva ndekha

Wamawaya: Mu shopu ya mamita atatu yodzadza makatoni chilichonse chimalira aise. Tiyeni tiwerengere chipinda cha Bambo a Tada, 7 x 5 x 2.7 ikutipatsa makyubiki mita 94 ndi theka, tisanaphatikize dayiningi yomwe nayonso sabuyo iyenera kudzadza poti kulibe chitseko. A THX, kampani yoika miyezo ya zida zoonerera mafilimu, chipinda cha makyubiki fiti 3000, omwe ndi makyubiki mita 85 chakuti, amachiika kale mgulu la zipinda zazikulu. Nde apa tapitirira. Bezi ndi mpweya womwe sipika ikukankha, chipinda chikakula pamafunika koni, chimbale cha sipika chonjenjemera chija, yaikulu yoyenda mtunda wautali, za mawati zimabwera pambuyo. Kuchoka pa 10 inchi kufika pa 12 zimaoneka ngati pang'ono koma malo a koni amakula pafupifupi 40 peresenti ndi kupitirira.

Mjomba wa ku Mabvuku: Ana inu mumakonda kugula dzina. $300 pa chinthu choti mwini wake watopa nacho? Bambo a Tada mverani ine, gulani sipika ya galimoto ya 12 kapena 15 inchi, Pioneer kaya Targa zili mbwee mtaunimu, mupite ku Glen View Area 8 anyamata a mipando aja akudulireni supawood ya 18mm akukhomereni bokosi, mwatha. Makombi onsewa akugwedeza mseu ndi chani? Simunaonepo Klipsch mu kombi inu.

Anabanda: Mjomba nde mukufuna pabalaza pa anzanu pakhale pa renki ya Copacabana eti kkkkk

Mjomba wa ku Mabvuku: Iii Anabanda ine ndikupulumutsa thumba la mphwanga

Wamawaya: Mjomba maganizo anuwo sindikuwataya ayi, kupanga wekha kumatchipadi ukadziwa chomwe ukuchita, koma pali zinthu ziwiri zomwe simunanene. Choyamba sipika ya galimoto ilibe ampu yake, ndipo bowo la sub out pa Denon yawo limatulutsa siginolo chabe lilibe mphamvu yoyendetsera sipika. Nde agulenso ampu. Akatenga ya galimoto imafuna 12V, ndipo 500W pa 12V ndi ma amp opitirira 40, pawa sapulayi yake si yamasewera, ena amangoika batire la galimoto kuseri kwa sofa zomwe ine sindingalimbikitse mnyumba muli ana. Yabwino ndi plate amp yomangirira kumbuyo kwa bokosi koma kuno siipezeka wamba. Chachiwiri ndi bokosilo. Kalipentala akhoza kukhoma mwaluso kwambiri koma kukula kwa bokosi ndi kutalika kwa paipi ya mpweya ija zimawerengeredwa malingana ndi sipikayo, pali pulogalamu yaulere ya WinISD yochitira zimenezi pa kompyuta. Mukangoyerekeza ndi maso mupeza bezi ya noti imodzi, ya du du du ya mu kombi ija, yomwe pa nyimbo za Zimdancehall imakoma koma pa filimu mabingu, ndege, chitseko kumenyetsedwa zonse zimamveka chimodzimodzi. Komanso kombi ndi kachipinda kakang'ono kotsekeka, kamathandizira bezi kokha, pabalaza pa makyubiki mita 94 sipangakuthandizeni choncho.

Mjomba wa ku Mabvuku: Yanga ndinakhoma popanda kompyuta mpaka lero ikulira

Wamawaya: Kulira ikulira Mjomba sitikukana

Bambo a Tada: Kkkk musayambane chifukwa cha ine. Zokhoma ndekha ndilibe nazo nthawi Mjomba, ndikuweruka usiku. Koma a Wamawaya ndinawerenga penapake kuti pali za sealed ndi ported, iyi ya ku Hatfield ili mbali iti ndipo kwa ine yoyenera ndi iti

Wamawaya: Ili ndi bowo la mpweya kumbuyo, nde ndi ported. Sealed ndi bokosi lotsekeratu, limakhala laling'ono, bezi yake yaudongo, anthu a nyimbo amalikonda, koma kuti lifike pansi mwamphamvu limafuna ampu yaikulu ndi ndalama zambiri. Ported pa ndalama yomweyo imakupatsani phokoso lochuluka kumunsi kuja kwa 30Hz komwe mafilimu amasewererako. Chipinda chachikulu, thumba lochepa, mafilimu, apa ported basi musavutike mutu. Chongoti poti bowo lili kumbuyo musaigunditse kukhoma, muisiyire mpata ipume.

Aphiri a Joni: Ndalowa mochedwa ndinali pa mseu. Bambo a Tada bwanji osangopirira muwonjezere ndalama ndikakutengereni yatsopano kumwera? Kuli SVS PB-1000 Pro, imeneyo nde sabu, 12 inchi, 325W RMS, imatsika mpaka 17Hz mumachita kuimva mchifuwa osati mkhutu, ndipo mumaichuna pa foni. Kugula kamodzi n'kuiwala.

Bambo a Tada: Mtengo?

Aphiri a Joni: Aaa pamenepo nde 350 yanuyo muiwirikize kawiri muwonjezerenso, kenako za pa boda ya Beitbridge a msonkho a ZIMRA atengepo yawo, ndi yanga yonyamulira poti chikatoni chake chimadya malo a katundu wa anthu awiri

Bambo a Tada: Basi tiyeni tibwerere ku Hatfield kkkk

Anabanda: Koma inetu ndifunse zoona, Mayi a Tada akudziwa za 350 imeneyi? Januwale ali pakhomo apa, fizi, mayunifomu. Komanso muganizireko oyandikana nawo, ine ndimagwira ntchito usiku masana ndimafuna tulo, pali mnyamata kuseri kwa durawall kwathu akayatsa chake mawu a nyimbo sindiwamva koma gu gu gu yekhayo amalowa mpaka mu pilo, kutseka mawindo sikuthandiza chilichonse. Musakhale munthu ameneyo chonde.

Bambo a Tada: Akudziwa Anabanda, ndi iwo anati TV yaikulu yopanda mawu abwino ndi yachabe, fizi tinapatula kale. Za aneba ndamva, kwathu nyumba ndi zotalikirana pang'ono ndipo ampu ili ndi night mode

Wamawaya: Zomwe akunena Anabanda ndi zoona, funde la 40Hz ndi lotalika mamita 8 ndi theka, khoma wamba kapena katani silingaliimitse. Ndipo nkhani yomweyi ikukhudzanso mkati mwa chipinda chanu. Mafunde akagunda khoma amabwerera n'kukumana ndi anzawo, pena amaphatikizana bezi n'kuchuluka mpaka kunyansa, pena amafafanizana n'kusowa. Mbali ya mamita 5 ija vuto lake lili cha pa 34Hz, ya mamita 7 cha pa 24Hz ndi 49Hz, ndipo pakatikati penipeni pa chipinda ndi pomwe bezi yakuya imathawa. Ambiri amagula sabu yabwinobwino n'kumati andibera, chonsecho sofa anaika pakati. Nde mukagula chitani izi, ikani sabuyo pa sofa pomwe mumakhala, yatsani nyimbo ya bezi yobwerezabwereza, inuyo mukwawe m'mbali mwa makoma mukumvetsera, pomwe pamveke bwino mosabanika ndi pomwe muiike. Pakona imalira kwambiri ulere koma nthawi zina imachita phokoso lopanda mutu, muyese nokha.

Chimwene wa ku DZ: Bambo wamkulu ndi ndevu zawo kukwawa pa matailosi ana akuonerera kkkkkk mutijambulire

Anabanda: Kkkkk ine ndibwera ndi popukoni

Chimwene wa ku DZ: Koma serious a Wamawaya, ndinamva kuti masabu awiri amaposa imodzi. Nde bwanji agule za 120 zija ziwiri, 240, chenji 110

Wamawaya: Awiri amathandizadi, makamaka kufafaniza malo osowa bezi aja kuti aliyense pa sofa amve zofanana, ndipo mukawagundanitsa pamodzi mumapeza mpaka 6dB yowonjezera pa kukula kwa phokoso. Koma awiriwo akhale oti amafika pansi. Ngati imodzi imathera pa 45Hz, ziwiri zitheranso pa 45Hz pomwepo, mwangochulukitsa phokoso la pamwamba. Ngakhale Polk PSW10 yomwe ndi ya kampani yodziwika, 10 inchi 50W RMS, imayambira cha pa 40Hz, ndi yabwino kuchipinda chogona osati holo ya Bambo a Tada. Ine ndikanakhala iwo ndikanatenga 12 inchi imodzi pano, chaka chamawa zikayenda n'kusaka inzake yofanana nayo.

Aphiri a Joni: Chinthu chimodzi musaiwale pa za kaunjikazi, funsani kuti inachokera dziko liti. Zambiri za ku America ndi 120V pomwe kuno tili pa 220 mpaka 240, mukangoilumikiza kukhoma utsi. Ndinanyamulirapo munthu wina ampu yomwe m'bale wake anamutumizira kuchokera kunja, tsiku lomwelo inapsa, anaona pulagi yasinthidwa n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Ya ku UK kapena ya ku Joni ilibe vuto, pulagi yokha mwina.

Bambo a Tada: Eee apa nde mwandithandiza, sindinaganizeko. Nanga magetsi akazima, inveta yanga ndi 1.5kVA ikunyamula TV, ampu, wifi ndi magetsi owunikira, sabu ikwanapo?

Wamawaya: Ikwana bola firiji isakhale pomwepo. Ampu za masabu amakonowa ndi Class D sizidya kwambiri, 200W ija imakokedwa pa kanthawi ka kuphulika kokha, nthawi zambiri ili pansi kwambiri. Chofunika inveta ikhale pure sine wave, zotchipa za modified zija zimalowetsa kulira kwa zzzz mu sipika ndipo zimatenthetsa zida. Pa chenji chanucho mugulepo surge protector yeniyeni, nthawi yomwe magetsi akubwerera ndi yomwe ma ampu ambiri amandipeza nawo ku benchi kwanga komwe ndimakonzera zamagetsi.

Mjomba wa ku Mabvuku: Mwaona, yanga ya 12V ikanangolowa ku batire la sola osadutsa kwina kulikonse

Wamawaya: Apo pokha ndakupatsani Mjomba, ngati mabatire awo ndi a 12V

Adimini: Abale nkhani ya sabu yadutsa mameseji ambiri, amene simunapereke ya chipukuta misozi ya kwa a Mwale ku Tafara chonde EcoCash ikudikira, titseka Lachisanu. Pitirizani.

Bambo a Tada: Ndatumiza yanga a Adimini. A Wamawaya ndiuzeni zoti ndikaone ndikapita ku Hatfield ndisakangoyang'ana kukongola kwa koni ya kopa ija

Wamawaya: Isanayatsidwe kankhani koni pang'onopang'ono ndi zala mofanana mbali zonse, ikamveka kukhula mkati koyilo inapsa musiyeni. Onani labala lozungulira koni ngati lang'ambika kapena lamatidwa guluu, nunkhizani pa bowo la mpweya fungo la zopsa silibisika. Kenako ayatse popanda nyimbo muike khutu, kulira kwa hmmm kosalekeza ndi chizindikiro choti ampu yatopa, ndipo pa masabu akale chomwe chimayamba kufa kawirikawiri ndi ampu osati sipika. Mutenge waya wa RCA ndi foni muikemo ma test tone a 30, 40 ndi 50Hz, mukweze pang'onopang'ono mumve ngati bokosi likunjenjemera kapena kutulutsa mpweya m'mbali. Ilire mphindi 20 osachepera, zina zimadzizimitsa zikatentha. Ndipo musakapereke dipoziti musanaione.

Chimwene wa ku DZ: Zonsezi pomwe ya mtauni ili ndi risiti

Anabanda: Risiti ya mashopu ena aja yolembedwa no refund pansi? kkk

Bambo a Tada: Mkulu uja wayankha, wanditumizira chithunzi cha kumbuyo palembedwa 220-240V, akuti anabwera nayo kuchokera ku Cape Town ndipo akugulitsa poti akusamukira mu flat ku Avenues. Ndamuuza 250 wati 280 mwina. Giriro ya kutsogolo akuti inathyoka kamwendo kamodzi

Mjomba wa ku Mabvuku: Kamwendo kameneko ndi $20, muuzeni 260 ndalama ili m'manja. Akakana bwerani kuno tikhome bokosi

Wamawaya: 260 mpaka 280 ngati yadutsa mayeso aja ine ndingatenge. Mukafika nayo kunyumba pa Denon muike masipika onse pa small, crossover 80Hz kuti mawu a pansi pa 80Hz azipita ku sabu, kumbuyo kwa sabu nobu ya low pass muipotoze mpaka kumapeto kuti ampu ndiyo izilamula, voliyumu yake theka, kenako muyendetse maiki ya Audyssey, yoyezera chipinda kuti ampu idzichune yokha, ngati ampuyo inabwera nayo. Ndipo konzekerani kusaka zomwe zizinjenjemera, mawindo a aluminiyamu, mbale za mu display ya Mayi a Tada, siling'i yatsopanoyo ngati anakhoma mofooka imveka tsiku loyamba lomwe.

Bambo a Tada: Maiki ija sindikudziwa komwe ili chisamukireni. Loweruka m'mawa muli free mundiperekeze? Mafuta ndi anga

Wamawaya: Ikakwana 10 ndili ku benchi ku Mbare, munditenge 8. Maiki ndili nayo ya Denon ina, munditumizire model ya ampu yanu ndione ngati zikugwirizana.