Ndithandizeni maganizo: akupempha kutenga tizidutswa ta chiwindi ndi mapapo a achimwene anga

Wofunsa (dzina labisidwa):
Moni nonse a pa gulu lino. Ndapempha oyang'anira gulu kuti abise dzina langa chifukwa abale anga ambiri ali momwe muno. Ndine mayi wa kuno ku Mangochi, ndipo achimwene anga aakulu, msodzi wa zaka 46, agonekedwa m'chipatala china chachikulu kunja kwa boma lino. Kuyambira chaka chatha mimba yawo yakhala ikutupa pang'onopang'ono, maso anasanduka achikasu, mapazi nawo anatupa mpaka nsapato kukana kulowa. Mwezi uno anadwala chimfine chimene chinatsikira m'chifuwa, anayamba kubanika, moti panopa akupumira mpweya wa okosijeni. Madokotala akuti kachilombo kalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo, ndipo akuti chiwindi chinali chitafooka kale.

Gadiyani ndine ndekha. Alamu anga anangobwera tsiku limodzi n'kubwerera kumudzi, ati akukalondera injini ya boti poopa kuti ife akuchimuna tiigulitsa, chonsecho ndine amene ndinagula mafuta a galimoto imene inanyamula amuna awo. Geni yanga ya usipa yaima, ana ndinawasiya kwa anansi, ndipo mlongo wathu wina amene ali ku Johannesburg amangotumiza mauthenga a mapemphero popanda ngakhale ndalama ya sopo. Amalume nawo akuumirira kuti matendawa ndi a anthu chifukwa cha mkangano wa munda umene sunathe.

Dzulo kunabwera anthu awiri ndi pepala, akupempha chilolezo chotenga tizidutswa ta chiwindi ndi ta mapapo kuti akatiunike. Ife ndife Asilamu, ndipo mtima wanga suli m'malo. Kodi ndivomere kapena ndikane? Nanga ndikakana, sasiya kuwapatsa mankhwala?

Bambo wa ku Mpondasi:
Achemwali, musasaine ndipo musadinde chala pa pepala lililonse. Munthu akadali ndi moyo, iwo ayamba kale kuwerengera ziwalo zake. Kafukufuku ameneyu amapindulira eni ake, amene amalemba mabuku n'kukwezedwa pa ntchito, pomwe inu mudzabwerera kumudzi ndi ngongole. Komanso tisazembe chilungamo, chiwindi cha msodzi chimatha ndi kachasu wa kudoko.

Namwino wopuma pa ntchito:
Pepani ndi matenda, achemwali. Musanalandire malangizo a aliyense, tiuzeni chimene pepalalo likunena, chifukwa pali zinthu ziwiri zosiyana. Pali kutenga kachidutswa ka chiwindi kwa munthu wamoyo kuti adziwe mankhwala omupatsa, ndipo pali kupempha kuti ngati wodwala wamwalira atengeko tizidutswa ta kafukufuku. Munthu amene chiwindi chake chafooka magazi ake sachedwa kutuluka osaleka, choncho madokotala sathamangira kumubaya chiwindi ali pa okosijeni. Kodi achimwene anuwo anayezedwapo matenda a chiwindi a hepatitis B? Pa nkhani ya mankhwala musade nkhawa, kukana kafukufuku sikuchotsa munthu pa chithandizo, ndipo pepala lililonse lovomerezeka limanena zimenezi.

Mphunzitsi wa ku Monkey Bay:
Abambo a ku Mpondasi, mwamuweruza munthu kuti ndi chidakwa pomwe mlongo wake sanatchule mowa. Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi mdani wina amene timamuchepetsa, amene ndi likodzo. Ambiri timadziwa likodzo lokodzetsa magazi, koma lilipo la m'matumbo, limene mazira ake amakakhazikika m'chiwindi n'kuumitsa njira za magazi, mpaka munthu kutupa mimba ndi kusanza magazi. Mu 2017 ndi 2018 akatswiri anapeza nkhono zofalitsa likodzo limeneli m'mphepete mwa nyanja m'boma lathu lino, ndipo analipeza mwa ana a sukulu. Msodzi amene amakhalira kuponda m'madzi ayenera kuyezedwa chimbudzi ndi kuunikidwa mimba pa sikani. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja timagawira ana kusukulu, koma makolo ena amauza ana awo kuti athawe tsiku logawa.

Bambo wa ku Mpondasi:
Aphunzitsi, tonse tinakulira m'madzi omwewo, nanga bwanji mimba zathu sizinatupe? Nkhani pano ndi pepala. Ine ndikubwereza kuti asasaine. Mu nthawi ya korona tinaona maliro akuikidwa ndi anthu ovala mapulasitiki, abale ataima patali, ndipo mpaka lero palibe anatiuza chimene chinali m'mabokosi muja.

Mayi wa ku Namwera:
Abambo, mawu amenewo akundibaya mtima. Amuna anga anamwalira ndi COVID-19 mu January 2021, mwezi womwe nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi. Anali ndi shuga, ndipo m'masiku awo omaliza maso awo anachita chikasu, koma sindinamve chifukwa chake mpaka anatisiya. Ndinkawaona pa windo akukoka mpweya, mapewa akukwera ndi kutsika, milomo itauma, ine osaloledwa kuwapatsa ngakhale madzi. Akanabwera munthu ndi pepala lofuna kudziwa chimene chinawononga thupi lawo, ine ndikanavomera, chifukwa funso limenelo ana anga amandifunsabe. Za alamu anu zisiyeni kaye, achemwali, injini mudzakambirana wodwala akatuluka.

Mnyamata wa pa Mangochi Boma:
Alamu akulondera injini, amalume akulondera munda, wa ku Joni akulondera foni. Wodwala yekha ndiye alibe mlonda kupatula mayiwa.

Wophunzira za kulabu:
Achimwene, pano pali matenda, nthabwala zidikire. Ndifotokozeko chimene chimachitika ndi tizidutswa timeneti, popeza mantha ambiri akuchokera pa kusadziwa. Kachidutswa kotengedwa ndi singano kamakhala kowonda ngati ulusi wosokera. Timakaviika m'mankhwala osungira, timakaumitsa mu phula, kenako timakadula mopyapyala kwambiri, kukapaka utoto ndi kukaika pa kagalasi kuti dokotala wa pathology, katswiri wozindikira matenda pounika tizidutswa ta thupi, akaone pa maikulosikopu. Pa kagalasi pamenepo m'pamene pamasiyana chiwindi chimene chauma ndi mowa, chimene chawonongeka ndi hepatitis B, chimene muli mazira a likodzo, ndi chimene muli khansa, pomwe kunja onsewo amangooneka otupa mimba. Palibe chiwalo chogulitsa pamenepo.

Kuunika kotereku n'kumene kunasonyeza kuti mwa anthu ambiri omwalira ndi COVID-19 timatumba ta mpweya ta m'mapapo tinali titawonongeka, ndipo m'timitsempha ting'onoting'ono munali magazi oundana. M'chiwindi ankapezamo mafuta ochuluka ndi magazi odzadzana, ndipo zina mwa zimenezi zimabwera chifukwa cha kuchepa kwa okosijeni kapena mankhwala amphamvu amene wodwala walandira. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri anaonetsanso kuti anthu amene chiwindi chinauma kale ankamwalira kwambiri akagwidwa ndi COVID-19 kusiyana ndi anzawo, chifukwa chitetezo cha thupi lawo chimakhala chofooka, ndipo madzi a m'mimba amakankha mapapo kuti asafutukuke bwino. Kuno kwathu kafukufuku wotere anachitika ku Queen Elizabeth ku Blantyre mogwirizana ndi bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2024. Anapeza kuti mmene chitetezo cha thupi chinkalimbanira ndi kachilomboka m'mapapo a Amalawi zinali zosiyanako ndi zimene zinapezeka kwa odwala a ku America ndi ku Ulaya. Tikamakana tonse, madokotala athu azidalira zimene zinapezeka m'matupi a anthu a kutali.

Bambo wa ku Mpondasi:
Mwanawe wadziulula wekha kuti ndiwe wa komweko. Zotsatira zinatuluka mu 2024, chabwino, koma mabanja a omwalirawo analandira chiyani? Ndipo Msilamu saikidwa mawa kapena mkuja podikira maikulosikopu. Achemwali, mverani ine, pepalalo mulibweze.

Mkulu wa ku Makanjira:
Abambo a ku Mpondasi, za Chisilamu musatiyankhulire ngati mwatumidwa ndi mzikiti. Chimene timakana ndi kunyoza thupi ndi kuchedwetsa maliro popanda chifukwa. Achemwali afunse ngati njira yake ndi ya singano kapena yong'amba, afunse kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji, kenako apite nazo kwa ashehe awo pamodzi ndi mwinimbumba. Ndipo akazi a wodwalayo asadumphidwe, ngakhale pali kusamvana, chifukwa mawa adzati munagulitsa amuna awo. Koma tonse tikuyankhula ngati munthu wapita kale, pomwe Mulungu sanagamule.

Mlimi wa ku Katuli:
Palibe amene watchula chuku. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa zisanaume zimachita nkhungu imene poizoni wake amawononga chiwindi ndi kuyambitsa khansa, ndipo ife timagulitsa mtedza wabwino n'kusinja woola kuti ukhale nsinjiro za pakhomo. Ine ndili ndi mankhwala a zitsamba otsuka chiwindi, amene akuwafuna andipeze ku inbox.

Namwino wopuma pa ntchito:
Za chuku mwanena zoona, abambo, koma zitsambazo zisayandikire wodwalayu. Chiwindi ndi chimene chimasefa chilichonse chimene munthu wamwa, ndipo chikafooka ngakhale Panado womwa mopyola muyezo amachimaliza. Achemwali, musawapatse chilichonse cha m'botolo mobisa. Pemphani kuti pepalalo akuwerengereni m'Chichewa kapena m'Chiyao, akupatseni lanu losunga, ndipo muone ngati pali chilolezo cha COMREC kapena NHSRC, makomiti amene amavomereza kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno. Ngati achimwene anu akutha kumva ndi kuyankha, afunsidwe iwo eni. Funso langa la hepatitis B simunayankhebe.

Wofunsa (dzina labisidwa):
Zikomo nonse, foni inathera moto. Pepalalo anatenga amalume, ndipo sanandibwezere. Achimwene anga sanalawepo mowa chibadwire, abambo a ku Mpondasi. Za hepatitis sindikudziwa dzina lake, koma alamu anga atachira mwana wachiwiri achimwene anafuna kupereka magazi, ndipo anawabweza kuti m'magazi mwawo muli kachilombo ka chiwindi. Sitinazitengere chifukwa anali bwinobwino. Alamu anga aimba lero kufunsa za makiyi a nyumba ya kudoko.

Namwino wopuma pa ntchito:
Achemwali, zimene mwanena pomalizazi n'zimene zinayenera kukhala poyamba. Kawauzeni madokotala lero lomwe, musadikire kuti azungulire mawa, chifukwa hepatitis B ili ndi mankhwala oiletsa kuswana otchedwa tenofovir, ndipo mankhwala ena amene amapatsa odwala chibayo chachikulu amatha kukadzutsa kachilomboka. Kamapatsirana pobadwa, paubwana, pogonana ndi kudzera m'magazi, choncho inuyo, mlongo wanu wa ku Johannesburg, alamu anu ndi ana onse mukayezetse. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda kuno ku Malawi mu 2002, ndiye kuti inu akuluakulu munabadwa asanafike.

Bambo wa ku Mpondasi:
Za mowa ndabweza mawu, achemwali, koma za pepala sindinasinthe. Amalume anu achita bwino kulisunga.

Mphunzitsi wa ku Monkey Bay:
Amalume alibweze kuti mayiwa aliwerenge okha. Ndipo poyeza magaziwo musaiwale kupempha kuti ayezenso likodzo, chifukwa matenda awiriwa amatha kukhala mwa munthu mmodzi.