Kodi kumata timipata ta m'mbali mwa hamonika kumathandizadi?

Kamtedza:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimaimba hamonika ya Hohner Marine Band 1896 ya kiyi A, ndipo posachedwapa ndayamba kuilumikiza ku amplifaya kudzera pa maikolofoni ya Shure 520DX. Ndikafumbata hamonika ndi maikolofoni pamodzi, mawu amatuluka opyapyala, safika pa kunenepa kumene ndimakufuna. Ndimamva kamphepo pa zala, pomwe pali timipata ta m'mbali mwa zivindikiro. Chinanso, ndikamakoka mpweya pa bowo 2 ndi 3 ndimatopa msanga, mpweya wambiri koma mawu ochepa. Ndikuganiza zomata timipatato ndi tepi. Alipo anayesapo? Sindikufuna kuononga hamonikayi, ndimaikonda kwambiri.

Gogo_Limba:
Achimwene, apa pali mavuto awiri, ndipo tepi ikhoza kuthetsa limodzi lokha.

Timipata ta m'mbali tili kunja kwa njira ya mpweya wanu. Mpweya umalowa pa bowo, n'kudutsa pa kalilime kachitsulo, kenako n'kufika pansi pa chivindikiro, komwe kumbuyo kwake n'kotsekula kale. Ndiye ngakhale mutamata bwanji, bowo 2 ndi 3 sizisintha. Kutopa kwanuko kukuchokera mkati: mwina comb yamatabwa (thabwa lapakati lokhala ndi mabowo) siikugwirana bwino ndi mbale za timalilime, kapena timalilime tinakwera kwambiri pamwamba pa mipata yake. Marine Band 1896 anaimanga ndi misomali, ndipo thabwa lake limafufuma likanyowa n'kubwerera likauma, choncho timing'alu timabwera mosavuta. Mankhwala ake ndi kupala comb pa sandipepa yosalala yoyalidwa pagalasi, ndi kutsitsa timalilime pang'onopang'ono. Pa bowo 2 muonenso kalilime kouzira (kamene kamalira mukamauzira), chifukwa kakakwera kwambiri kamataya mpweya inu mukukoka.

Koma pa nkhani ya maikolofoni mwaganiza bwino. Mawu amathawiradi m'mbalimo.

Nachisale:
Ine ndimamata, ndipo sindibwerera m'mbuyo. Manja anga ndi aang'ono, moti kutseka kumbuyo kwa hamonika, mutu wa maikolofoni ndi m'mbali monse nthawi imodzi sindikwanitsa. Nditamata, mawu apansi analemera ndipo amplifaya inayamba kubangula msanga.

Yambani mwamata kunja ndi tepi yakuda ya magetsi, mumve kusiyana kwake musanazule msomali uliwonse. Pukutani chitsulo kaye kuti pasakhale mafuta a m'manja. Mukakhutira ndiye mumatire mkati, kachidutswa kakang'ono kongokwana pa mpatapo, ndipo muonetsetse kuti sikakukhudza kalilime ka bowo 1, chifukwa kameneko kamavina kwambiri. Kuipa kwa tepi ya magetsi n'koti ikatenthedwa imasiya zomatamata zomwe zimakola fumbi ndi ndevu, choncho muziisintha. Guluu wosachoka musayerekeze.

A Hohner nawonso akuidziwa nkhaniyi. Rocket ili ndi timipata m'mbali, pamene Rocket Amp anaitseka dala kuti ikhale ya oimbira pa amplifaya. Special 20 nayonso n'yotseka m'mbali.

Chiphwanya:
Achemwali a Nachisale, ndikuvomereza kuti mawu amasintha, koma kwa ine mtengo wake ndi waukulu. Timipatato ndi tomwe timakubwezerani mawu m'makutu. Mukaimba ndi gulu, ng'oma ndi gitala zikulira, mumadzimva kudzera m'menemo. Mukamata mumayamba kuuzira mwamphamvu osazindikira, ndipo timalilime timafa msanga, makamaka ka bowo 4. Komanso kuwala kwa mawu a Marine Band mukamaimba popanda amplifaya kumachepa, imayamba kumveka yofatsa ngati Special 20. Ngati ndi mawu amenewo omwe mukufuna, kuli bwino kungogula yotseka kale.

A Kamtedza, muonenso kutsogolo. Mukamaimba mabowo apansi, mabowo 7 mpaka 10 amakhala pamtunda, ndipo mawu ambiri amathawira kumeneko kuposa m'mbali. Atsekeni ndi chala chachikulu kapena muwatsamize patsaya. Oimba blues a ku Chicago m'zaka za m'ma 1950 ankatulutsa mawu onenepa ndi Marine Band yomweyi, timipata tili chitsekukire.

Kamtedza:
Zikomo nonse. Ndamata kunja monga ananenera a Nachisale, ndipo pa amplifaya mawu alemeradi, makamaka ndikaphatikiza ndi kutseka mabowo apamwamba patsaya. Popanda amplifaya sindinakondwe nayo, yafatsa kwambiri, ndiye ya A yokhayi ndiyo ikhale yomata, zinazo ndizisiya. Bowo 2 ndi 3 zikadali chimodzimodzi, monga munanenera agogo. Ndifunsenso: ndikazula misomali kuti ndipale comb, ndibwezeretse misomali yomweyo kapena ndiboole n'kuika masikuluwu?

Gogo_Limba:
Masikuluwu ndi abwino, chifukwa mudzatsekulanso kangapo ndipo misomali imakhwepa ikazulidwazulidwa. Pomanga muyambire pakati kupita kunja, osalimbitsa kwambiri, mbale ingapindike n'kuyambanso kutaya mpweya. Mukapala thabwa mulipake vanishi yosavulaza pakamwa, liume kaye musanamange.