Webusayiti ya mpikisano wa mpira: nditani kuti osaona ndi osamva azitha kuigwiritsa ntchito?

Kadzioche_dev:

Moni nonse. Ndikupanga webusayiti ya mpikisano wa mpira, matimu 16, magulu anayi kenako ndime yachipulula mpaka fainolo. Zomwe zilipo ndi ma fixture, tebulo la mapointi, zigoli zomabwera pompopompo masewero ali mkati, timavidiyo ta zigoli ndi fomu yolembetsera timu. Nde komiti yanena kuti ikufuna anthu aulumali nawonso aziigwiritsa ntchito bwinobwino, poti pali masapota ena osaona omwe mpira amautsatira kwambiri, komanso timu ina ili ndi osewera osamva. Ndawerengako za WCAG, malangizo opangira mawebusayiti oti aulumali azitha kugwiritsa ntchito, koma ndi zambiri zedi moti poyambira sindikupaona, ndipo nthawi yatsala yochepa. Panopa ndandanda wa chipulula ndi chithunzi chokhala ndi mizere yolumikiza matimu, ma fixture ndi PDF yomwe akomiti amanditumizira, patebulo opitilira ndawapaka zobiriwira otuluka zofiira. Ndiyambire pati? Ndi chani chomwe sindikuyenera kuchisiya ngakhale nthawi ichepe bwanji? Makamaka ndikufuna kumva kwa inu amene mumagwiritsa ntchito screen reader, pulogalamu yowerengera osaona mokweza zomwe zili pa sikirini.

Sapota_wa_khutu:

Achimwene mwachita bwino kufunsa mpikisano usanayambe. Ine sindiona, pafoni screen reader yanga ndi TalkBack ndipo pa kompyuta ndi NVDA, ndipo zinthu zitatu mwatchulazo ndi zomwezo zimandisowetsa mtendere pa mawebusayiti ambiri a masewero.

Yambani ndi chithunzi cha chipulula chija. Kwa ine foni ikafika pamenepo imangoti "chithunzi" kapena kuwerenga dzina la fayilo, zilembo ndi manambala osamveka, basi yadutsa. Sindingadziwe kuti wakumana ndi ndani mu kota fainolo. Ena amati ingolembani alt text, mawu ofotokoza chithunzi omwe screen reader imawerenga, inde pa chithunzi cha chikho kapena cha timu alt text ndi yokwanira, koma ndandanda wonse wa chipulula kuuthira mu alt imodzi ndiye foni idzangolankhula mosapumira ndipo sindingathe kubwerera pang'ono kuti ndimvenso gemu yachitatu yokha. Chithunzicho chisiyeni kwa oona, koma pansi pake lembani zomwezo m'mawu enieni: mutu woti Kota fainolo, kenako gemu iliyonse pamzere pake, timu yakuti ndi timu yakuti, tsiku, nthawi, zigoli, wapitilira ndi wakuti. Kenako mutu wina Semi fainolo, chimodzimodzi. Mituyo ikhale ma heading enieni, h2 kaya h3, osati kungokulitsa zilembo, chifukwa ife timadumpha ndi ma heading, pa NVDA ndimangodina H ndafika pomwe ndikufuna.

PDF ija nayo, ngati akomiti amajambula pepala ndi foni kapena kusikana nde mkati mwake mulibe mawu, muli chithunzi cha mawu. Afunseni akutumizireni zolemba zenizeni muziike pa tsamba. PDF ikhale yongowonjezera kwa ofuna kupulinta.

Koma chomwe ndingakupempheni kwambiri ndi tebulo la mapointi, poti sapota amabwerera pamenepo tsiku ndi tsiku. Likhale table yeniyeni ya HTML yokhala ndi th, mabokosi a mitu, pamwamba ndi kumbali, osati ma div omwe mwangowayala kuti azioneka ngati tebulo. Likapangidwa bwino ndikamayenda m'mabokosimo ndimamva kuti "mapointi, 7", "zigoli zomwetsa, 9". Likapangidwa mwachisawawa ndimangomva 3, 2, 1, 0, 9, 4, 7 manambala okhaokha, ndiyambe kuwerenga ndi zala kuti 7 ameneyu ndi wa chani. Mnzanga woona amangoponya diso kamodzi wadziwa kuti timu yake ili pachiwiri, ine ndithe mphindi zingapo, pomwe tonse ndife masapota a mpira womwewo.

Goli_kipa01:

Aise osadzivutitsa, pali ma plugin ena umangoika kamzere kamodzi ka code, pakona pamabwera kabatani ka munthu wotambasula manja, munthu amadinapo nkukulitsa zilembo, kusintha mitundu ndi zina zotero. Poti wati nthawi yachepa ndi njira yachidule imeneyo.

MayiCode:

Goli_kipa01 pepani koma apo sindikugwirizana nanu. Kabataniko sikangasandutse chithunzi cha chipulula kukhala mawu omveka, sikangakonzenso tebulo lomwe linamangidwa molakwika. Munthu wosaona amabwera kale ndi pulogalamu yake yomwe anaizolowera, chomwe akufuna ndi tsamba lomangidwa bwino pansi pake, ndipo ambiri mwa iwo amadandaula kuti timabatani timeneti timasokonezana ndi screen reader yawo.

Kadzioche, WCAG isakuopseni. Ndi ya W3C, bungwe lokonza miyezo ya mawebusayiti, yatsopano ndi 2.2 yomwe inatuluka mu 2023, ndipo ambiri amalimbana ndi mulingo wake wapakati wotchedwa AA. Pa webusayiti ngati yanuyi ndingaonjezere izi pa zomwe achimwene Sapota_wa_khutu anena pamwambapa.

Zobiriwira ndi zofiira zija ndi mitundu iwiri yeniyeni yomwe anthu ovutika kusiyanitsa mitundu amaisokoneza kwambiri, ndipo vutoli limapezeka kwambiri mwa amuna, nde ganizani kuti pa masapota anu alipo angati. Mitundu isiyeni koma isakhale yokha, onjezerani mawu oti "yapitilira" kapena "yatuluka". Makadi nawonso, osangoika kabokosi kachikasu kapena kofiira pambali pa dzina la wosewera, pakhale mawu. Komanso zilembo zisiyane mokwanira ndi mtundu wakumbuyo, muyezo wake ndi 4.5:1 pa zilembo wamba ndi 3:1 pa zikuluzikulu. Apa mpomwe mawebusayiti a mpira amagwera, poti aliyense amafuna kutsata mitundu ya yunifolomu ya timu, mapeto ake zilembo zachikasu pa zoyera, zomwe ngakhale wa maso abwino sangawerenge ali padzuwa ku bwalo.

Za zigoli za pompopompo ndi pomwe muyenera kusamala kwambiri. Ngati tsamba lonse limadzitsitsimutsa lokha masekondi angapo aliwonse, wa screen reader amabwezedwa pamwamba ali pakati powerenga, ayambirenso, kenako abwezedwenso. Musinthe kagawo ka zigoli kokha, ndipo kagawoko mukaike aria-live="polite" kuti foni inene yokha ikamaliza zomwe imawerenga. Koma musaike wotchi ya gemu mmenemo, apo ayi izingolankhula sekondi iliyonse munthu mpaka kutseka tsamba. Muikemo zofunika zokha, chigoli, khadi yofiira, kupumulira, kutha kwa gemu, ndipo uthengawo ukhale wathunthu: yagoletsa ndi timu yakuti, mphindi ya 63, panopa ndi 2 kwa 1. Ngati pali magemu anayi nthawi imodzi mpatseni munthu mwayi wosankha yomwe akufuna kutsatira. Ndipo zija zothwanimathwanima mukalemba GOOOL, zisaphethire kupitilira katatu pa sekondi, zimatha kugwetsa anthu a khunyu. Chilichonse choyenda chokha kupitilira masekondi 5, monga zithunzi za masiponsa zozungulira, chikhale ndi batani loimitsira.

Poyesa, ikani mausi pambali muyende ndi Tab yokha kuchokera pamwamba mpaka kutumiza fomu, ndipo nthawi zonse pazioneka pomwe muli. Pomwe mwakanirira ndi pomwe munthu wosatha kugwira mausi adzakanirire. Kulitsaninso tsamba kufika 200% muone ngati tebulo silikubisa zina. Zida zoyesera tsamba monga Lighthouse ya mu Chrome ndi WAVE zithandiza kugwira za alt ndi mitundu, koma sizingakuuzeni ngati uthenga wa chigoli ukumveka, zimenezo mpaka munthu amvetsere.

Winga_wakumanzere:

Ine ndilankhulire mbali ya osamva poti mchemwali wanga samva ndipo timaonera limodzi. Timavidiyo tanuto tikhale ndi mawu olembedwa pansi, makamaka pomwe kochi kapena kaputeni akuyankhula gemu itatha. Ma caption odzilemba okha a YouTube musawadalire osawakonza, mayina a osewera amawaphonya koopsa ndipo pakakhala phokoso la masapota amangolemba zosagwirizana. Ngati mungapeze womasulira chinenero chamanja pa kavidiyo kofotokoza malamulo a mpikisano zingakhale bwino kwambiri, poti kwa osamva ambiri chimenecho ndiye chinenero chawo choyamba, kuwerenga chindime chachitali cha malamulo sikophweka kwa onse.

China chomwe anthu amaiwala, pa "lumikizanani nafe" musangoika nambala yoimba. Pakhale meseji kapena imelo. Gemu ikasinthidwa nthawi zilembedwe pa tsamba, osangolengeza pa chimkuzamawu ku bwalo.

Ndipo webusayiti iuze anthu za bwalo lenilenilo. Munthu woyenda pa njinga ya olumala amafuna kudziwa asananyamuke kuti geti lopanda masitepe ndi liti, akakhala pati, chimbudzi choti angalowe chilipo kapena ayi, womuperekeza alowa bwanji. Ngati palibe lembani chilungamo kuti palibe, kusiyana ndi kuti munthu avutike ulendo wonse akabwerere pageti. Pa fomu yolembetsa timu muikeponso kabokosi kofunsa ngati pali wosewera wofuna thandizo lina lake, mwachitsanzo refu azikweza mbendera kapena dzanja pamodzi ndi wezulo kuti wosamva adziwe kuti mpira waima.

Kadzioche_dev:

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse. Ndiyamba ndi tebulo ndi chipulula, kenako zigoli. Funso lina kwa achimwene Sapota_wa_khutu, pa fomu ndinaika captcha ya zithunzi, kamayeso kotsimikizira kuti wolemba ndi munthu, poopa ma spam, ndiichotse? Nanga mitu ya patebulo yachidule ija, P, W, D, L, imamveka kwa inu?

Sapota_wa_khutu:

Captcha ya "sankhani zithunzi zonse zomwe muli mabasi" kwa ine ndi chitseko chokhoma, ndipo ya mawu ija amaisokoneza dala moti nthawi zambiri simveka, ndiye wosaona yemwenso samva bwino watsala panja. Matimu 16 okha, ikani kabokosi kobisika kogwirira ma bot komwe screen reader sikuona, kapena muzitsimikiza kudzera pa imelo. Bokosi lililonse la fomu likhale ndi label yake, ndipo munthu akalakwitsa lembani kuti walakwitsa pati, osangozunguliza mzere wofiira.

Zilembo zachidulezo ife okonda mpira timazidziwa, koma watsopano sangadziwe, nde ikani mawu athunthu obisika oti screen reader iziwerenga, kapena kamzere kofotokoza pamwamba pa tebulo. Mukamaliza tumizani link pano ndiiyese ndi TalkBack, ndipo mchemwali wa a Winga ayesenso mavidiyo gemu yoyamba isanachitike.