Kilimu wa pa Lizulu uja, ndigule kapena ndisiye?

Make Tadala: Azimayi anzanga, ndithandizeni maganizo. Tadala wayambanso kukanda m'zigongono ndi kuseri kwa mawondo, usiku osagona. June akangofika ndi chisanu cha kuno ku Dedza, basi chikanga chadzuka. Pa Lizulu bambo wina akugulitsa kilimu wa K15,000, akuti masiku atatu chimatheratu. Ndigule?

Nangondo: Gulani mayi. Ine ndinampaka mwana wa achemwali anga, sabata isanathe khungu lili see.

Anamwino a ku Bembeke: Pachubupo palembedwa chiyani?

Make Tadala: Ndi Chipwitikizi chokhachokha, ndangotolapo mawu oti clobetasol.

Anamwino a ku Bembeke: Ameneyo ayi, musampake mwana. Maselo a pamwamba pa khungu, otchedwa keratinocytes, sikuti amangotiphimba. Khungu likauma n'kung'aluka, iwo amatulutsa timithenga totchedwa ma cytokine, monga IL-1, TNF ndi TSLP. Zili ngati kukuwa mfuu pamudzi. Mitsempha ya magazi imatakasuka, asilikali a m'thupi amakhamukira pomwepo, malowo n'kutupa, kutentha ndi kuyabwa. Mwana akakanda amavulaza maselo ena, nawonso n'kuyamba kukuwa. Clobetasol amawatseka pakamwa, n'chifukwa chake amagwira msanga.

Nangondo: Eya, ndiye mwavomera nokha kuti amagwira!

Anamwino a ku Bembeke: Kugwira amagwira, koma ali m'gulu la ma steroid (mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa) amphamvu zedi. Mukamapaka nthawi yaitali khungu limapyapyala, ndipo kwa mwana mankhwalawo amalowerera mpaka m'magazi. Nanga chikakhala chipere kapena mphere? Mfuu ija imazima, matenda akufalikira mwakachetechete. Ayambe amuona kuchipatala. Chikakhaladi chikanga, alipo wofatsa, hydrocortisone wa 1%, wopaka masiku owerengeka.

Gogo Nabanda: Ndalama zonsezo mwanawe, ndiwo za masiku angati? Anga onse ndinalera ndi Vaseline. Umusambitse madzi ofunda pang'ono, osati otentha, umudzoze thupi lisanaumiretu. Uwenge zikhadabo, ndipo juzi yokanda ija asamavale pakhungu penipeni, m'kati muzikhala malaya a thonje.

Anamwino a ku Bembeke: Agogo anena zoona. Ming'alu ikatsekeka maselo aja sakuwanso pafupipafupi. Sopo wonunkhira mumusiyenso.

Make Tadala: Vaseline alipo theka la botolo. Mawa ndilawirira kuchipatala, chisanu chikandilola.

Nangondo: Nanga ine wanga watsalayu nditaye? Ndinagula ndi ndalama za mbatata zangatu.