Kolandirira infrared kakumva rimoti ya TV koma sikakumva LED yanga, ndalakwitsa pati?

Wofunsa:

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa zamagetsi, chifukwa ndatha masabata awiri ndikulimbana ndi seketi imene ndinkaganiza kuti ndiimaliza Loweruka limodzi. Ndimaweta nkhuku kuseri kwa nyumba, ndipo cholinga changa ndi choti pakhomo pa mpanda wa khola pazidutsa kuwala kwa infrared kosaoneka ndi maso, kuti munthu kapena galu akakutchinga usiku, buzzer ilire kuchipinda kwanga. Kuchokera pa mzati wina kufika pa unzake pali mamita awiri.

LED ya infrared ndinaichotsa mu rimoti yakale. Yoyamba ndinaipsereza ndekha poigunditsa pa batire ya 9 volt popanda resistor, ndipo imeneyo sindidandaula nayo. Yachiwiri ndaiika pa 5 volt ya chaja ya foni kudzera mu resistor ya 220 ohm. Kolandirira ndinayamba ndi photodiode (kachipangizo komva kuwala), resistor ya 10k (10,000 ohm) ndi LM358 (IC ya magawo awiri imene ndimayerekezera nayo mphamvu ya magetsi). Madzulo pa tebulo zinkayenda bwino malinga ziwirizo zitayandikana ngati kutalika kwa rula ya kusukulu, koma m'mawa dzuwa litalowa pa windo, ndinkatchinga LED ndi dzanja lonse buzzer ili chete.

Nditaona choncho ndinamasula DVD yakufa n'kuchotsamo kachipangizo kakuda ka miyendo itatu kamene kamalandira rimoti. Ndakapatsa 5 volt, ndipo pa mwendo wotulutsa ndaikapo LED yofiira yoonera. Chondizunguza mutu n'chakuti ndikadina batani lililonse pa rimoti ya TV, ngakhale nditaima pakhomo la chipinda, LED yofiirayo imathwanima, koma LED yanga ya infrared ndikaiyandikiza mpaka kugundana nako sipachitika kanthu. Kodi LED yachiwiriyi nayonso yapsa, kapena pali chimene sindikuchidziwa?

Yankho loyamba:

Achimwene, musanataye LED imeneyo iyeseni ndi kamera ya foni m'chipinda cha mdima. Ikakhala yamoyo mudzaona kadontho kofiirira kotuwa pa sikirini, ndipo ngati kamera yakumbuyo sikuonetsa kanthu yesani yakutsogolo, popeza mafoni ena ali ndi kagalasi kotsekereza infrared kumbuyoko. Muyezenso ndi mita pa miyendo yake ili yoyaka. Pazikhala pafupifupi 1.2 volt. Mukapeza 5 volt yonse ndiye kuti mwaitembenuza kapena yaduka mkati. Onaninso mitundu ya pa resistor, chifukwa ya 220 ohm imakhala yofiira, yofiira, yabulauni, pamene yofiira, yofiira, yachikasu ndi 220k, ndipo pa getsi la usiku ziwirizi zimanamiza anthu ambiri.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri achimwene. Ndayesa, kamera yakutsogolo ikuonetsa kadonthoko bwinobwino, ndipo mita ikuwerenga 1.19 volt. Resistor ndi yolondola.

Yankho lachiwiri:

Vuto ndi mphamvu basi. Chotsani resistor imeneyo kuti LED iwale kwambiri ngati mmene imachitira mu rimoti.

Yankho lachitatu, la bambo wokonza ma TV ndi mawailesi:

Ayi, resistor isachotsedwe, apo ayi LED imeneyi itsatira inzake ija. Pa 5 volt ndi 220 ohm ikudya pafupifupi 17 mA, ndipo imeneyo ndi yokwanira kuyesera. Mu rimoti LED imapirira mphamvu yochuluka chifukwa imangoyaka mwa kamphindi kochepa kwambiri n'kuzima.

Mwana wanga, LED yanu ilibe mlandu, ndipo kolandirirako kalibenso mlandu. Kachipangizo ka miyendo itatu kaja si photodiode wamba, mkati mwake muli seketi yathunthu imene inapangidwa dala kuti izinyalanyaza kuwala kulikonse kokhazikika. Dzuwa lili ndi infrared yochuluka zedi, babu lakale la waya wamkati nalonso limatulutsa yambiri, ndipo kakanakhala komva kuwala kotere TV bwenzi ikusintha yokha matchanelo masana onse. Chimene kamamvera ndi kuwala koyaka ndi kuzima pafupifupi ka 38,000 pa sekondi, kumene timati 38 kHz, ndipo rimoti imayankhula chiyankhulo chimenecho. Inu mukukaunikira ndi kuwala kosaphethira, choncho kwa iko LED yanu ndi kadzuwa kakang'ono chabe. Photodiode ija inakukanikani m'mawa pa chifukwa chomwechi koma mbali inayo: iyo imalandira chilichonse, ndiye dzuwa litaidzaza, kutchinga LED yanu kunali ngati kuchotsa kapu imodzi ya madzi mu mtsinje wa Shire.

Pezani NE555, IC ya miyendo isanu ndi itatu yotha kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi mobwerezabwereza, muilumikize kuti izithwanimitsa LED. Ikani resistor ya 1k kuchokera ku 5 volt kufika pa mwendo wa 7, ina ya pafupifupi 18k pakati pa mwendo wa 7 ndi wa 6, mulumikize wa 6 ndi wa 2, kenako capacitor ya 1 nF kuchokera pamenepo kupita ku negetivu. Miyendo ya 4 ndi 8 ipite ku 5 volt, woyamba ku negetivu, ndipo LED ndi resistor yake zichokere pa mwendo wa 3. Pa masamu zimenezi zimapereka pafupifupi 39 kHz, koma poti ma capacitor sakhala ndendende, ndi bwino kuti m'malo mwa 18k muike 15k pamodzi ndi preset (resistor yopotokola) ya 5k kuti muzitha kupotokola mpaka mtunda utalike. Samalani pogula: capacitor ya 1 nF imalembedwa 102. Yolembedwa 104 ndi 100 nF, ndipo mukaika imeneyo mudzapeza 390 Hz yokha, imene kolandirirako sikadzaimva n'komwe.

Mwachita mwayi kuti munalumikiza miyendo molondola. Ena amene akuwerenga asatengere, chifukwa mitundu ya tolandirira timeneti imasiyana: pa TSOP1738 miyendo imayenda negetivu, pozetivu, kotulutsa, pamene pa VS1838B imayenda kotulutsa, negetivu, pozetivu. Njira yabwino ndi kutsata mizere ya pa bolodi la DVD musanakachotse.

Wofunsa:

Bambo, ndathokoza kwambiri. Ndapeza NE555 ndipo ndachita monga munanenera. Tsopano pali kusintha, koma kwandidabwitsanso. Ndikangoyatsa, LED yofiira imayaka kwa kanthawi kosakwana sekondi imodzi kenako n'kuzima yokha ngakhale palibe chotchinga. Ndikapititsa dzanja pakati n'kulichotsa, imayakanso pang'ono n'kuzimanso. Ndapotokola preset mbali zonse ziwiri koma khalidwe lake ndi lomwelo. Kodi ndiye kuti 555 ikutopa?

Yankho lachinayi, la mayi wophunzitsa sayansi ku sekondale:

Achimwene, 555 sikutopa, ndipo zimene mwaonazo zikutsimikiza kuti 38 kHz yanu ili bwino. Tizipangizo timeneti tili ndi gawo lodzichepetsera lokha mphamvu yomvera, lotchedwa AGC, limene likamva 38 kHz yosalekeza limaiyesa phokoso, monga la machubu ena a magetsi, ndipo limatseka makutu. Rimoti simatumiza mosalekeza, imatumiza tizidutswa tifupitifupi n'kumapuma pakati. Ana anga a Fomu 4 anakodwa pamalo omwewa pokonzekera chionetsero cha sayansi, ndipo tinataya masana athunthu tikusintha mabatire osalakwa.

Mufunika 555 yachiwiri, kapena 556 imene ili ndi ziwiri m'thupi limodzi, yoti iziyatsa ndi kuzimitsa yoyambayo. Chotsani mwendo wa 4 wa 555 yoyamba ku 5 volt n'kuulumikiza ku mwendo wa 3 wa yachiwiri. Pa yachiwiriyo ikani 1.5k kuchokera ku 5 volt kufika pa mwendo wa 7, 47k pakati pa 7 ndi 6, capacitor ya 1 µF, ndi diode ya 1N4148 yodumpha 47k ija, mzere wake wakuda utaloza ku mwendo wa 6. Mukatero LED izitumiza kwa pafupifupi 1 ms n'kupuma pafupifupi 33 ms, zomwe zimatsitsanso kwambiri mphamvu imene ikudya.

Dziwani kuti mwendo wotulutsa wa kolandirira umatsika ku ziro pamene kalandira kuwala, ndipo tsopano uzitsika mwa tizidutswa, choncho buzzer simungailumikize pomwepo. LM358 yanu ija igwira ntchito apa. Capacitor ya 1 µF izidzazidwa pang'onopang'ono kudzera mu 100k kuchokera ku 5 volt, ndipo kadutswa kalikonse kakafika kaziikhuthula kudzera mu diode ndi resistor ya 470 ohm yopita ku mwendo wotulutsawo. Munthu akatchinga, palibe chokhuthula, mphamvu imakwera, ndipo ikapitirira malire amene mwaika pa LM358, mwachitsanzo 3 volt, buzzer ilira. Malirewo musawakweze kuposa pamenepo chifukwa LM358 pa 5 volt simawerenga bwino kupitirira 3.5 volt. Pa mwendo wa pozetivu wa kolandirira ikaniponso 100 ohm ndi capacitor ya 4.7 µF, popeza machaja otchipa ali ndi phokoso lambiri. Mukakhala ndi wokutumizirani zinthu kuchokera ku Johannesburg, kampani ya Vishay imapanga TSSP4038 (mtundu wina wa kolandirira) imene inakonzedwera ntchito yeniyeni ya kuwala kotchingidwa, ndipo imeneyo silira 555 yachiwiri.

Bambo wokonza ma TV:

Amayi anena zoona. Ndingowonjezera kuti mukakaika panja, kolandirira mukalowetse m'kapaipi kakuda kotalika ngati chala, ngakhale chikhungwa cha bolopeni chokulungidwa ndi tepi yakuda chimakwana. Popanda kutero kuwala kumagunda khoma la laimu kapena lata n'kumuzungulira munthuyo, buzzer osalira.

Wofunsa:

Amayi ndi abambo, usiku wathawu zatheka. Ndinayesa m'khonde pa mamita anayi, ndipo mwana wanga atadutsa buzzer inalira, masana ano padzuwa yaliranso. Za kapaipi zija ndinaziona ndi maso, chifukwa ndisanakaike ndinkaima pakati penipeni koma kuwala kunkadzera pa khoma.

Zatsala ziwiri. Choyamba, buzzer ikungolira nthawi imene munthu ali pakati pa kuwalako, ndipo wodutsa mothamanga imangoti tswii kamodzi, zomwe sizingandidzutse. Kodi ndiikepo 555 yachitatu kuti izilira kwa masekondi 30, kapena pali njira yachidule yogwiritsa theka linalo la LM358 limene likungokhala? Chachiwiri, magetsi atazima ndinalumikiza ku power bank, koma patapita kanthawi kochepa inazima yokha, ndipo ndikuganiza kuti seketiyi ikudya pang'ono kwambiri moti power bank ikuyesa kuti palibe cholumikizidwa. Ndili ndi batire ya 12 volt ya sola imene timaunikira m'nyumba. Kodi IC ya 7805 ikwana kutsitsira mphamvuyo pa 5 volt popanda kuiika pa chitsulo choziziritsira, ndipo waya wa mamita 15 wochokera ku khola kufika kuchipinda ndiuike ku mbali ya buzzer kapena ku mbali ya batire?