Kodi chigamulo cha mlandu wa Johnson ndi M'Intosh cha 1823 chinafika kuno kwathu?

Wophunzira wa ku Chirunga:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndakhala ndikuwerenga za mlandu wa Johnson ndi M'Intosh, umene khoti lalikulu la dziko la America linaweruza mu 1823. Mbali ya Johnson inkati malo amene ankalimbirana ndi ake chifukwa amalonda anawagula kwa eni nthaka a ku America, mitundu ya Illinois ndi Piankeshaw, mu 1773 ndi 1775, pamene William M'Intosh anali ndi chikalata chochokera ku boma. Woweruza wamkulu John Marshall anagamula kuti eni nthaka anali ndi ufulu wokhala pamalowo, koma sakanatha kuwagulitsa kwa wina aliyense kupatula boma, pa chifukwa chakuti azungu ndiwo akuti anatulukira dzikolo. Kodi maganizo amenewa anagwiranso ntchito kuno?

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Mwafunsa bwino, achimwene. Chigamulocho sichinali lamulo kuno, popeza ife tinali pansi pa Britain, ndipo zimene zinachitika kwathu zinayenda mosiyana. Harry Johnston atakhazikitsa boma la atsamunda ku Zomba kuno mu 1891, anafufuza malo amene azungu monga John Buchanan ndi Eugene Sharrer ankati anagula kwa mafumu, ndipo kuyambira 1892 anayamba kupereka zikalata za umwini wa malo zotchedwa Certificates of Claim. Marshall anakana malonda a anthu wamba, koma Johnston anavomereza ambiri a iwo. Zikalata zambiri zinali ndi mfundo yakuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe, koma makolo athu ankasiya munda ukaguga n'kukatsegula mphanje, ndipo akangosuntha, mwini esiteti ankati chitetezo chija chatha. Apa ndi pamene thangata anamera mizu.

Mayi wa ku Thondwe:
Aphunzitsi, ndiloleni ndionjezere kuti mu 1903 woweruza Nunan wa khoti lalikulu, pa mlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa, anapeza kuti mafumu analibe mphamvu yotaya ufulu wa anthu awo pamalo popanda chilolezo cha anthuwo. Komabe anthu anapitiriza kulipira msonkho wa malo ndi thukuta lawo, ndipo mkwiyo wa ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, unaphulika mu 1915 pa nkhondo ya John Chilembwe. Chimene chimandiwawa pa mlandu wa 1823 n'chakuti anthu a Illinois ndi Piankeshaw sanali mbali ya mlanduwo konse. Kwathu kuno, nyakwawa siweruza mlandu wa munda popanda kuitana mwini mbumba ndi amene anaona malire akudulidwa.

Wophunzira wa ku Chirunga:
Zikomo kwambiri nonse. Mayi, mfundo ya Nunan ndiyo yandigwira mtima, chifukwa ngati mfumu inali yongosunga malo m'malo mwa anthu ake, ndiye kuti maziko a zikalata za Johnston eni ake ngokayikitsa. Ndipita kunyumba yosungira zolemba zakale za boma muno m'tauni kuti ndikaone mmene chikalata chimodzi chinalembedwera.