Thandizo: Ndani angatiphunzitse kusunga mabuku a ndalama za sukulu?

Muli bwanji nonse, aphunzitsi anzanga ndi makolo? Ndine wachiwiri kwa ahedi pa sukulu ina ya pulayimale kunja kwa Chipata, njira yopita ku Lundazi.

Chiyambire 2022 pomwe maphunziro anakhala aulere kuno ku Zambia, makolo salipiranso ndalama za PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), ndiye timadalira giranti ya boma. Vuto n'lakuti mphunzitsi amene ankalemba cash book (buku la ndalama zolowa ndi zotuluka) anasamutsidwa, ndipo palibe wina mwa ife amene anaphunzirapo za maakaunti. Malisiti a choko, mapepala ndi simenti yokonzera chimbudzi ali m'katoni muofesi ya ahedi, ena ayamba kufufutika ndi chinyezi. Tikuopa kuti tikachedwa kupereka lipoti la ndalamazi, giranti yotsatira ichedwanso, ana n'kusowa ngakhale choko.

Mnzathu uja tinamuimbira foni, anayesetsa ndithu, koma za manambala pafoni sizimveka. Pa misonkhano ya CPD (yowonjezera luso la aphunzitsi) ku zoni (gulu la sukulu zoyandikana) timakamba za kaphunzitsidwe, pomwe ine ndikuona kuti za ndalama n'zofunikanso.

Kodi alipo angabwere Loweruka kudzaphunzitsa aphunzitsi angapo, kuti luso lisakhalenso mwa munthu mmodzi? Nanga ndalama zogulitsa masamba a m'dimba la sukulu tizilemba buku limodzi ndi giranti, kapena padera? Chonde tithandizeni.